Mtima pa Babu la Magetsi: Zimene Makina Amamva ndi Zimene Samva

Mu Febuluwale 2019 ndinakwera basi kupita ku Washington, DC, kukaona chionetsero chotchedwa Pulse ku Hirshhorn Museum. Ndinkafuna kupita mu Januwale, koma nthawi imeneyo nyumba za Smithsonian zinali zotseka kwa milungu ingapo chifukwa andale anali asanamvane za bajeti ya boma. Mwini chionetserocho ndi Rafael Lozano-Hemmer, katswiri wa zaluso amene anabadwira ku Mexico City mu 1967 ndipo amakhala ku Montreal, m'dziko la Canada. Ku yunivesite anaphunzira chemistry, ndipo zimenezi zimaonekera pa ntchito zake. Sajambula ndi penti kapena kusema mitengo. Zida zake ndi magetsi, makamera, madzi ndi makompyuta.

Chipinda chimene chinandikhudza kwambiri chimatchedwa Pulse Room. Munali mdima, ndipo kudenga kunkalendewera mababu oposa 100, a mtundu wakale uja wokhala ndi kawaya kofiira mkati. Babu lililonse linkaphethira palokha, lina mofulumira, lina mwaulesi. Pamalo ena panali chitsulo chokhala ndi zogwirira ziwiri, ngati za njinga yochitira masewera olimbitsa thupi, ndipo anthu anafola mzere pamenepo. Nthawi yanga itakwana ndinagwira ndi manja onse awiri. Patapita masekondi angapo babu lomwe linali patsogolo panga linayamba kuyaka ndi kuzima motsatira kugunda kwa mtima wanga, ndipo linkaphethira mofulumira kuposa momwe ndinkayembekezera. Mayi wina amene anali kumbuyo kwanga anaseka n'kundifunsa ngati ndikuchita mantha. Ndinakana. Koma ndili m'basi pobwerera ndinkangodzifunsa kuti: kodi babu lija linadziwa chinthu chimene ine mwini wake sindinkachidziwa?

Funso limeneli ndilo linayambitsa kafukufuku wanga wamng'ono. M'nkhani ino ndifotokoza momwe zaluso za mtundu umenewu zimagwirira ntchito, chimene makina amayeza kwenikweni, ndi zimene ndinaona nditapanga kababu kangakanga n'kukayesa pa ophunzira Chichewa ndiponso pa anthu amene Chichewa anachiyamwira.

Mzere wa mitima

Pulse Room inaonetsedwa koyamba mu 2006 mumzinda wa Puebla ku Mexico, ndipo mu 2007 inapita ku chionetsero chachikulu cha Venice Biennale. Nzeru yake yagona pa zimene zimachitika munthu akasiya zogwirira zija. Mababu onse amazima kwa kamphindi. Akayakanso, kugunda kwa mtima wa munthuyo kumakhala kwalowa mu babu loyamba la mumzere, ndipo kwa munthu amene analipo asanabwere iyeyo kumasunthira mu babu lachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Ndiye kuti babu lililonse limene mukuliona m'chipindamo ndi munthu amene anadutsapo kale, mwina ali kunja akudya, mwina wakwera kale sitima. Koma mababu ali ndi polekezera. Munthu watsopano akalowa, amene anali mu babu lomaliza amafufutika, sabwereranso.

Lozano-Hemmer wakhala akutchula zinthu ziwiri zimene zinamupatsa ganizoli. Choyamba, mkazi wake ali ndi pakati pa mapasa, iye anapempha kuti amve mitima ya ana awiriwo pa nthawi imodzi, ndipo anadabwa kumva kuti sinkagunda mofanana. Chachiwiri ndi filimu ya ku Mexico ya mu 1960 yotchedwa Macario, imene anaitsogolera ndi Roberto Gavaldón. Mufilimuyo muli mphawi wina wotema nkhuni amene anagawana chakudya chake ndi Imfa. Cha kumapeto Imfa ikumulowetsa m'phanga lodzaza ndi makandulo, n'kumuuza kuti kandulo iliyonse ndi moyo wa munthu. Wina akadziwa zimenezi, mababu aja sawaonanso ngati zokongoletsa za pa Khirisimasi.

Ganizo lomweli analikulitsa m'njira zosiyanasiyana. Mu 2008 anaika nyali zamphamvu ku Madison Square Park mumzinda wa New York, ndipo nyalizo zinkaphethira ndi mitima ya anthu odutsa. Mu Pulse Tank kugunda kwa mtima kumamenya madzi m'thanki, timafunde take n'kumaonekera pakhoma. Pulse Index imajambula chidindo cha chala pamodzi ndi kugunda kwa mtima n'kuchiika pakati pa zidindo za anthu ena zikwizikwi. Zonsezi ziwiri zinaliponso ku Hirshhorn, koma ine ndinathera nthawi yanga yambiri pansi pa mababu.

Kodi sensa imamva chiyani?

Pali njira ziwiri zodziwika zoyezera kugunda kwa mtima popanda kucheka thupi.

Yoyamba imagwiritsa ntchito magetsi a m'thupi. Mtima uli ndi kagulu ka maselo kumtunda kwa mbali ya kumanja kamene kamatulutsa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imalamula minofu ya mtima kuti ifinyike. Imafalikira mpaka pakhungu, choncho munthu akagwira zitsulo ziwiri, dzanja lina uku lina uku, makina amatha kuona kusiyana kwa mphamvuyo pakati pa manja awiriwo. Njira imeneyi ndi yomwe achipatala amaitchula kuti ECG. Willem Einthoven wa ku Netherlands ndiye anapanga makina oyamba odalirika a mtunduwu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Makina ake anali aakulu kwambiri, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amchere.

Yachiwiri imagwiritsa ntchito kuwala. Kanyali kakang'ono kamawalitsa khungu, ndipo pambali pake pamakhala kadiso koyeza kuwala kumene kwabwerera. Mtima ukafinyika, magazi amachuluka pang'ono m'timitsempha ta kuchala, ndipo magaziwo amameza kuwala kochulukirapo. Mtima ukamasuka, magazi amachepa, kuwala kobwerera n'kuwonjezeka. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumene kompyuta imawerenga. Njirayi imatchedwa PPG, ndipo ndi imene ili m'mawotchi amakono aja okhala ndi kanyali kobiriwira kunsi kwake. Lozano-Hemmer nayenso anaigwiritsa ntchito mu Pulse Topology ya mu 2021, ya mababu 3,000, momwe munthu amangoika dzanja pansi pa sensa osakhudza chilichonse.

M'njira zonse ziwirizi, chimene kompyuta imapeza ndi nthawi yokha basi: nthawi imene yadutsa kuchokera pa kugunda kumodzi kufika pa kwina. Ngati padutsa masekondi 0.8, ndiye kuti mtima ukugunda ka 75 pa mphindi, chifukwa 60 kugawa ndi 0.8 ndi 75. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake nthawi zambiri umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Wa mwana amene ali m'mimba umathamanga kwambiri, pakati pa ka 110 ndi ka 160. Palibe paliponse m'manambalawa pamene palembedwa kuti "mantha" kapena "chikondi". Mawu amenewo timaikapo ndi ife oonerera.

Chimathamangitsa mtima n'chiyani?

Kagulu ka maselo kaja katangosiyidwa kokha, kangayendetse mtima pafupifupi ka 100 pa mphindi. Umagunda mocheperapo chifukwa pali mtsempha wochokera ku ubongo, wotchedwa vagus, umene umagwira ntchito ngati buleki. Mbali inayi pali mitsempha ina, pamodzi ndi adrenaline, imene imauthamangitsa thupi likafuna mphamvu. Buleki uja amachita zinthu mwamsanga, pa kugunda kumodzi kapena kuwiri, pomwe zothamangitsa zimatenga masekondi angapo kuti zigwire.

Vuto n'lakuti zinthu zimene zimamasula buleki ndi zambirimbiri. Mantha, inde. Koma mkwiyo, chimwemwe, manyazi, khofi, malungo, ludzu, kukwera masitepe ngakhalenso kungoimirira kuchoka pampando, zonsezi zimakweza nambala yomweyo. Kupuma nakonso kumasintha: tikamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, tikamatulutsa umabwerera m'mbuyo. Ndipo pali china chimene chinandidabwitsa nditachiwerenga koyamba. Munthu akamva kapena kuona chinthu chachilendo n'kutchera khutu, mtima wake umayamba wachepetsa liwiro kwa kanthawi. Anthu ena oopa magazi akaona bala, mtima wawo umatsika kwambiri mpaka amakomoka. Choncho ngakhale mantha enieniwo sayenda njira imodzi.

Ndikaganizira tsiku lija ku Washington, ndinali nditamwa khofi wambiri m'basi, ndinayenda wapansi kuchokera kokwerera basi kunja kukuzizira, kenako ndinaima patsogolo pa anthu osawadziwa amene onse ankayang'ana babu langa. Babu silinkanama. Koma silikanatha kunena kuti pa zinthu zonsezi, chimene chinkalithamangitsa n'chiti.

Akatswiri a za maganizo amakonda kugawa zimene timamva m'mbali ziwiri, motsatira zimene James Russell analemba mu 1980. Mbali ina imafunsa kuti thupi ladzuka motani, kuyambira pa kuwodzera mpaka pa kunjenjemera. Mbali inayo imafunsa ngati chimene tikumvacho n'chokoma kapena chowawa. Sensa ya mtima imatiuzako pang'ono za mbali yoyamba. Za mbali yachiwiri siyankha bwinobwino. Mkwati amene akulowa m'tchalitchi ndi wakuba amene akuthamangitsidwa angathe kukhala ndi nambala yofanana.

Pamene babu liyamba kulamula mtima

Wina anganene kuti basi, ndiye kuti zaluso zimenezi ndi masewera chabe. Ine sindikuganiza choncho, ndipo chifukwa chake chili pa mkangano wakale kwambiri. Mu 1884 William James analemba nkhani yonena kuti timaganiza mozondoka tikamati munthu amanjenjemera chifukwa wachita mantha. Iye ankati thupi ndilo limayamba, ndipo mantha ndi mmene timamvera kusintha kwa thupiko. Ambiri anamutsutsa, makamaka chifukwa cha vuto ndatchula lija, lakuti thupi limasintha mofanana pa zinthu zosiyana. Koma mbali ina ya ganizo lakelo sinafe.

Mu 1966 Stuart Valins anaonetsa anyamata a pakoleji zithunzi za akazi, uku akuwamvetsera phokoso limene anawauza kuti ndi kugunda kwa mitima yawo. Linali bodza, phokosolo linali lojambuliratu. Pa zithunzi zina ankalisintha liwiro, pa zina ayi. Atawafunsa pambuyo pake, anyamatawo anati akazi okongola kwambiri anali aja amene "mtima" unasinthira liwiro. Anakhulupirira makina kuposa zifuwa zawo. Posachedwapa, mu 2023, gulu la Karl Deisseroth ku Stanford linapeza njira yothamangitsira mitima ya mbewa pogwiritsa ntchito kuwala. Mbewazo zinaonetsa nkhawa yochuluka, koma makamaka zikakhala pamalo oopsa. Pamalo abwinobwino kuthamanga kwa mtimako sikunazisinthe kwenikweni.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti zaluso za mtundu wa Pulse Room siziwerenga zamumtima, koma zimatha kuziyambitsa. Ambiri a ife sitimva kugunda kwa mitima yathu bwinobwino tikakhala phee. Babu likatitulutsira kugundako kunja, pamaso pa anthu, timayamba kudzifunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo kudzifunsako kumathamangitsanso mtima, babu n'kuwonjezera liwiro. Mayi uja atandifunsa za mantha, m'pamene mantha anabwera. Ena amachita zosiyana: amapuma mozama, babu n'kuzizira, iwo n'kusangalala kuti akulilamula. George Khut wa ku Australia anagwiritsa ntchito mfundo yomweyi popanga BrightHearts, pulogalamu imene imasintha mitundu ndi timawu tokoma mtima ukamatsika liwiro. Anaipanga mogwirizana ndi madokotala a ana ku Sydney pofuna kuthandiza ana amene akuopa jakisoni ndi zina zowawa za kuchipatala.

Christian Boltanski wa ku France, amene anamwalira mu 2021, anatenga njira ina. Iye ankasonkhanitsa phokoso la mitima ya anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kuyambira mu 2010 phokosoli limasungidwa m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja pachilumba cha Teshima ku Japan, kotchedwa Les Archives du Cœur. Muli chipinda cha mdima chokhala ndi babu limodzi lokha limene limaphethira motsatira mtima umene ukumveka, ndipo mlendo angathe kufufuza dzina la munthu pa kompyuta n'kumvetsera. Ena mwa eni mitimayo anamwalira kale. Lozano-Hemmer amafufuta, Boltanski amasunga. Kwa ine kufufuta kuja n'koona mtima kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti nditakhala ndi mwayi womvanso mtima wa malemu agogo anga, ndingakwere ndege mawa lomwe.

Kababu kanga

Chaka chotsatira cha maphunziro ndinaganiza zobweretsa nkhaniyi m'kalasi yathu ya Chichewa. Chimene chinandilimbikitsa ndi kafukufuku wa mu 2003 wa Catherine Harris, Ayşe Ayçiçeği ndi Jean Berko Gleason. Iwo anayesa anthu ochokera ku Turkey amene anaphunzira Chingerezi atakula, ndipo anapeza kuti mawu odzudzula ana, aja makolo amakalipira nawo, ankadzutsa thupi kwambiri akanenedwa m'chinenero chobadwa nacho kusiyana ndi m'Chingerezi. Iwo sanayeze mtima, anayeza thukuta la m'zala. Ine ndinati: bwanji ndiyese ndi mtima, anthu n'kumadzionera okha pa babu?

Ndinagula kabolodi ka Arduino, kasensa ka kuwala kobiriwira ndi kababu kamodzi. Mnzanga wophunzira zamagetsi anandithandiza kulemba pulogalamu yosavuta: nambala yochokera ku sensa ikadutsa mlingo wakutiwakuti, babu liyake. Kenako ndinajambula mawu anga ndi a mayi ena a kwathu amene amakhala mumzinda uno. Ziganizo zina zinali wamba, monga "Basi inyamuka 7 koloko." Zina zinali zakuti mwana aliyense wokulira ku Malawi kapena kum'mawa kwa Zambia amazidziwa: "Iwe! Tabwera kuno!" ndi "Ukuyesa sindikukuona?" Panalinso chiganizo chimene aliyense wokhala kutali ndi kwawo amachiopa akaona foni yochokera kumudzi usiku: "Pepani, kuno sikuli bwino."

Mavuto anayamba tisanafike n'komwe pa mawu. Nditaika sensa pamkono panga, pamene pamakhala wotchi, inkangosokonekera, pomwe pamkono pa mnzanga wa khungu loyera inkagwira bwino. Melanin, imene imapatsa khungu mtundu wake, imameza kuwala kobiriwira, choncho kuwala kobwerera ku kadiso kaja kumachepa. Nditasamutsira sensayo kunsonga kwa chala, kumene khungu ndi loyererapo kwa tonsefe, inayamba kugwira. Tinapezanso kuti zala zozizira zimavuta kuwerenga chifukwa timitsempha timafinyika, moti tinkauza anthu kuti ayambe atikita manja. Ndipo munthu akangosuntha chala, kompyuta inkawerenga kusunthako ngati kugunda.

Tinaika zonsezi patebulo pa mwambo wotsekera temu, pamene ophunzira amaitana anzawo ndi anthu a kwathu okhala pafupi. Sindinganene kuti unali kafukufuku wa sayansi. Anthu anali ochepa, m'chipinda munali phokoso, ndipo ambiri anali atangodya kumene nsima. Ndinkayembekezera kuti eni chinenero akamva "Iwe!" babu lithamanga, ophunzira likhala phee. Sizinatero. Ophunzira ndi amene mababu awo ankathamanga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ngakhale pa chiganizo cha basi chija. Mmodzi anandiuza kuti ankaona ngati ndi mayeso, ndipo ankaopa kuti aphunzitsi aona kuti sakumva. Eni chinenero ambiri ankangoseka, ndipo kuseka kumagwedeza chala, babu n'kupenga. Pa chiganizo cha "kuno sikuli bwino" ena analeka kuseka, ndipo kwa awiri kapena atatu ndinaona ngati babu lazengereza pang'ono m'malo mothamanga. Mwina kunali kutchera khutu kuja ndafotokoza. Mwina anangogwira mpweya. Chimene ndinachiona mosakayika chinali pankhope pawo, osati pa babu.

Kenako panabwera bambo ena achikulire amene akhala kuno zaka zambiri. Anakhala pansi, anaika chala, ndipo tisanayatse n'komwe mawu, babu linayamba kuchita zachilendo. Linkaphethira katatu kapena kanayi bwinobwino, kenako kawiri mothamanga, kenako n'kudikira. Ndinaganiza kuti chala chasuntha, ndipo ndinati, "Pepani bambo, tayesani kukhazika dzanja patebulo." Anatero, koma sizinasinthe. Anthu amene anaima pafupi anayamba kunong'onezana. Bambowo anachotsa chala mwakachetechete, anaseka pang'ono, n'kupita kukatenga tiyi.

Mwambo utatha anandiitanira pambali. "Mwana wanga," anatero, "kababu kako kaja kandiyalutsa. Adokotala anandiuza kale za mtimawu, ndipo mankhwala ndikumwa. Koma mayi akunyumba ndinali ndisanawauze." Mayiwo anali m'chipinda momwemo.

Ndinasowa chonena. Ndinapepesa, iwo n'kunena kuti palibe kanthu, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Miyezi yonseyo ndinkada nkhawa kuti makina anga sangathe kuonetsa zamumtima mwa munthu, osaganizirako zakuti angathe kuonetsa matenda ake. Kudumpha kwa mtima kwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri ndipo nthawi zambiri si koopsa, komanso kasensa kotchipa si chida cha kuchipatala. Koma zimenezo si zoti gulu la anthu oonerera lizigamula. Malamulo a ku Ulaya oteteza zinsinsi za anthu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018, amaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Ine ndinaziika patebulo pafupi ndi mbale ya mandasi. Mu Pulse Room mtima wa munthu umaonekera wokha kwa kanthawi kochepa, kenako umasokonekera pakati pa mitima ina yambirimbiri yopanda mayina, ndipo amene akukuona ndi alendo. Pa tebulo langa panali babu limodzi, munthu mmodzi, ndi anthu omudziwa.

Mtima wa m'chinenero ndi mtima wa m'chifuwa

Kwa ophunzira Chichewa, phindu lalikulu la ntchitoyi linatulukira kumene sindinkayembekezera. Sabata yotsatira aphunzitsi anatipempha kuti tilembe pa bolodi mawu onse amene tikuwadziwa okhala ndi "mtima", kenako tifunse pa lililonse kuti: kodi babu lingaone zimenezi?

Ena anali osavuta. Tikati mtima uli m'mwamba, tikunena nkhawa ya munthu amene akudikira zotsatira za mayeso kapena uthenga wa kuchipatala, ndipo n'kutheka kuti babu lingathamange. Kukhazika mtima pansi ndi kubweza zimenezo, ndipo munthu akapuma mozama babu limatsikadi. Mtima ukangoti myaa, kapena ukakhala m'malo, ndi chimodzimodzi. N'zochititsa chidwi kuti pa mawu amenewa Chichewa chimayeza ndi "m'mwamba" ndi "pansi", monga momwe mzere wa pa kompyuta umachitira. Kupsa mtima nakonso kungaoneke, koma babu silingasiyanitse munthu wopsa mtima ndi amene timu yake yangogoletsa kumene.

Kenako tinafika pa ena. Kukoma mtima, kuuma mtima, kuipa mtima: amenewa ndi makhalidwe, ndipo munthu wouma mtima angathe kukhala ndi mtima wogunda bwino kuposa tonsefe. Kutaya mtima ndi kusiya kuyembekezera. Kukhala ndi mitima iwiri ndi kukayika. Tikati "ndinati chamumtima", mtima ukuchita ntchito imene m'Chingerezi amaipereka kwa mutu. Chovuta kwambiri chinali kuugwira mtima, kudziletsa pamene zinthu zikuwawa. Wophunzira wina anati babu liyenera kutsika, poti munthuyo wadekha. Wina anati ayi, liyenera kuthamanga, chifukwa munthu wougwira mtima ndi amene mkati mukuwira koma kunja sakuonetsa. Ine ndinakumbukira bambo aja akunyamuka kukatenga tiyi, koma sindinanene kanthu. Pa mawu onse amene tinalemba, mneni amene makina amamudziwa ndi mmodzi yekha, kugunda.

Temu yotsatira ndinakonzanso tebulo lija. Babu ndinalilowetsa m'kabokosi kotseguka mbali imodzi yokha, kuti aziliona ndi mwini chala yekha, ndipo amene akufuna kuonetsa anzake azitembenuza yekha bokosilo. Pulogalamu siisunga chilichonse munthu akachotsa chala. Ndinalembanso kapepala koti munthu awerenge asanakhale pansi, kofotokoza kuti chidachi si cha kuchipatala ndiponso kuti chingathe kuonetsa kugunda kosalongosoka. Mzere woyamba ine ndi aphunzitsi tinaulemba ndi kuufufuta kangapo, mpaka tinagwirizana pa wakuti: "Babuli lionetsa kugunda kwa mtima wanu, osati zimene zili mumtima mwanu."

Wophunzira wa chaka choyamba atawerenga anakweza dzanja. Ankafuna kudziwa chifukwa chake "wanu" wasanduka "mwanu" pomwe mtima ndi womwewo. Aphunzitsi anatenga choko n'kulemba pamtima panu, kumtima kwanu, mumtima mwanu, ndipo phunziro lonse la tsikulo linathera pa pa-, ku- ndi mu-. Kababu kanatsala patebulo osayatsidwa.